WOIPITSA NDIYE ALIPIRE: PHUNZIRO LA KU KABWE KWA ANTHU A MU CHIPATA

Kumudzi ng'ombe zikalowa m'munda wa munthu ndi kudya cimanga, mlandu wace sucedwa. Anyakwawa amapita kukaona munda, amawerenga mizere yoonongeka, ndipo mwini ng'ombe amalipira. Palibe amene amauza mwini munda kuti akakongole ndalama zokonzera zimene ng'ombe za mnzace zaononga.

Lero pa tsamba lino tikambirana za mlandu wofanana ndi umenewu, koma waukulu kwambiri. Kampani ikataya asidi mu mtsinje, kapena ikasiya mulu wa zinyalala za ciphe pafupi ndi komboni, kodi ndani ayenera kulipira ndalama zoyeretsera malowo ndi zocizira odwala? Ena anganene kuti iyi ndi nkhani ya maloya ndi anthu a ku migodi. Koma amene amayamba kumwa madzi oipawo ndi kupuma fumbilo ndi ana athu, ndipo amene amagona nao pa cipatala ndi amai ao. Cotero nkhaniyi ndi ya umoyo wa banja liri lonse.

ZIMENE ZINACITIKA KU KABWE

Mu 1902 anthu ofufuza miyala anapeza mtobvu ndi zinki pa malo amene anawacha Broken Hill, amene lero ndi Kabwe. Mtobvu ndi citsulo colemera cotuwa cija cimene cimapezeka m'kati mwa batire ya galimoto. Mgodi wa ku Kabwe unagwira nchito kwa zaka pafupifupi 90, mpaka pamene unatsekedwa mu 1994. Kwa zaka zambiri utsi wocokera m'ng'anjo zosungunulira miyala unali kugwera pa nyumba, m'minda ndi m'mabwalo osewereramo ana. Mgodi utatsekedwa, mulu waukulu wa zotsalira, umene anthu amauchula kuti Black Mountain, unasiyidwa pamtetete wosakwiriridwa, ndipo mphepo ya m'cilimwe inapitiriza kunyamula fumbi kupita nalo ku makomboni a Kasanda, Makululu, Chowa ndi Mutwe Wansofu.

Mtobvu suola ngati zinyalala za kudzala. Ukalowa m'dothi umakhala momwemo kufikira munthu wina ataucotsa kapena kuukwirira. Mu 2015 akatswiri a pa University of Zambia, pamodzi ndi anzao a pa Hokkaido University ya ku Japan, anafalitsa zimene anapeza atapima magazi a ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Ana onsewo anali ndi mtobvu wopitirira mamaikulogalamu 5 pa desilita imodzi ya magazi, ndipo ena anapitirira 100. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mwana akafika pa nambala 5, a cipatala ayenera kufufuza kumene mtobvuwo ukucokera ndi kuucotsa. Akafika pa 45 amafunika mankhwala apadera ocotsa mtobvu m'magazi. Kumbukirani kuti ana amenewa anabadwa mgodi utatsekedwa kale.

KODI MTOBVU UMACITA CIANI M'THUPI?

Mtobvu umalowa m'thupi kudzera pakamwa ndi m'mphuno. Mwana wokwawa amagwira dothi ndi kuika zala m'kamwa, ndipo thupi lace limatenga mtobvu wocuruka kanai kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Ukalowa umayenda ndi magazi kupita ku ubongo, ku ciwindi ndi ku impso, ndipo wina umasungika m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri.

Cobvuta ncakuti poyamba mwana saoneka wodwala. Amangocedwa kulankhula, amaiwala msanga, sakhazikika, ndipo ku sukulu amatsalira m'mbuyo mwa anzace. Makolo amayamba kumukalipira kuti ndi waulesi. Mtobvu ukacuruka, mwana amacepa magazi, amamva m'mimba kupweteka, amadzimbidwa, amasanza, ndipo amatha kukomoka kapena kumwalira kumene. Mai wodwala pakati amene ali ndi mtobvu m'mafupa amaupatsira kwa mwana wosabadwa, ndipo pathupi pakhoza kucoka, kapena mwana kubadwa masiku asanakwane. Kwa akulu umabweretsa kuthamanga kwa magazi ndi matenda a impso.

Mankhwala amacepetsa mtobvu m'magazi, koma sabweza nzeru zimene zaonongeka kale. Ndiponso mwana wocizidwa akabwerera ku nyumba imene dothi lace liri ndi mtobvu, amadwalanso. Ici ndico cifukwa cace kuciza ana ndi kuyeretsa malo ziyenera kuyendera pamodzi, ndipo zonse ziwiri zimadya ndalama zambiri.

NANGA WALIPIRA NDANI?

Mu 2016 boma linatenga ngongole ya madola mamiliyoni 65.6 ku World Bank kuti likonze malo oonongeka ndi migodi ku Kabwe, Kitwe, Mufulira ndi Chingola. Zina mwa ndalamazo zinagwira nchito yopima ndi kuciza ana a ku Kabwe. Koma ngongole ya boma imabwezedwa ndi msonkho wa anthu onse. Ndiye kuti mai wogulitsa tomato pa msika wa Kapata, amene sanaonepo mgodi wa ku Kabwe, nayenso ali ndi gawo pa ngongole imeneyo.

Anthu a ku Kabwe anafuna kuti amene anapindula ndi mgodi alipire. Mu Okutobala 2020 maloya a Mbuyisa Moleele ndi a Leigh Day anapereka mlandu ku khoti lalikulu la ku Johannesburg, kuimirira ana ndi amai pafupifupi 140,000. Anasumira kampani ya Anglo American South Africa, imene anati inali ndi ulamuliro pa kayendetsedwe ka mgodi kucokera mu 1925 mpaka 1974. Iwo anapempha cipepeso kwa odwala, ndalama zopimira magazi ndi zoyeretsera nyumba. Kampaniyo inakana mlandu. Inati siinali mwini mgodi, ndipo inaloza cala kwa ZCCM, kampani ya boma imene inali kuyendetsa mgodi pa zaka zomaliza. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlandu umveke ngati wa gulu limodzi, koma mu 2024 osumawo analoledwa kucita apilu.

Taonani kutalika kwace. Kucokera pamene mgodi unatsekedwa kufikira tsiku lopereka mlandu panapita zaka 26. Khanda limene linali kumbuyo mu 1994 linali litakula kale, mwina liri ndi ana ace.

MILANDU YA KU CHINGOLA NDI CHAMBISHI

Sikuti makampani sagonja konse. Mu Novembala 2006 madzi a asidi ocokera ku Konkola Copper Mines analowa mu mtsinje wa Mushishima ndi kufika mu Kafue, kumene anthu a ku Chingola amatunga madzi akumwa. A James Nyasulu ndi anzao 2,000 anapita ku khoti. Mu 2011 High Court ya mu Lusaka inapeza kampaniyo yolakwa ndi kuilamula kulipira K10 biliyoni ya ndalama zakale. Mu 2015 Supreme Court inabvomereza kuti kampani inalakwadi, koma inati cipepeso ciwerengedwenso malinga ndi umboni wa mmene munthu ali yense anabvutikira. Apa pali phunziro lalikulu: amene alibe pepala la ku cipatala amabvutika kutsimikizira khoti kuti anadwala.

Mu 2015 anthu 1,826 a m'midzi ya Shimulala, Hellen, Kakosa ndi Hippo Pool, pafupi ndi Chingola, anakasuma ku London. Iwo anasumira Konkola Copper Mines pamodzi ndi Vedanta Resources, kampani imene inali ndi gawo lalikulu mu KCM, cifukwa ca kuonongeka kwa madzi ndi minda yao. Mu Epulo 2019 khoti lalikulu koposa la ku Britain linagamula kuti mlandu ukhoza kumvekera komweko, cifukwa kampani yaikulu ingathe kuyankha mlandu pa zocita za kampani yace ya ku dziko lina. Mu Januwale 2021 mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khoti, ndipo anthu oposa 2,500 anaphatikizidwa pa malipiro, ngakhale makampaniwo sanabvomere kuti analakwa.

Pa 18 Febuluwale 2025 damu losungiramo zotsalira za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka. Malipoti oyamba anati malita pafupifupi mamiliyoni 50 a madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi kutsikira mu Kafue. Nsomba zinafa, mbeu zinapsa m'minda, ndipo madzi a m'mipopi anatsekedwa mu mzinda wa Kitwe. Ndeke za asilikali zinathira laimu mu mtsinje kuti asidi acepe mphamvu. Kampani inapepesa ndipo boma linati iyo ndiyo idzalipira nchito yoyeretsa. Mu Seputembala 2025 anthu oposa 170 a m'deralo anakasuma ku High Court.

KODI LAMULO LIKUTI BWANJI?

Mfundo yakuti woipitsa ndiye alipire si yacilendo. Maiko anagwirizana pa mfundoyi pa msonkhano waukulu wa za cilengedwe ku Rio de Janeiro mu 1992. Muno m'Zambia iri m'malamulo aakulu a dziko monga anakonzedwera mu 2016, pa ndime 255, imene imati woipitsa kapena woononga cilengedwe ndiye ali ndi udindo wolipira.

Lamulo loyamba lalikulu loletsa kuipitsa malo linapangidwa mu 1990, ndipo linakhazikitsa bungwe la Environmental Council of Zambia. Mu 2011 linalowedwa m'malo ndi lamulo la Environmental Management Act, limene linasintha bungwelo kukhala Zambia Environmental Management Agency, kapena kuti ZEMA. Zofunika kuti banja liri lonse lizidziwe m'lamulo limeneli ndi izi:

1. Munthu ali yense wokhala m'Zambia ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo, otetezeka ndi osadwalitsa.

2. Ufulu umenewu ukaphwanyidwa, kapena ukakhala pangozi, munthu akhoza kupita ku khoti kukapempha kuti zoipitsazo zileke, malo akonzedwe, ndiponso obvutika alandire cipepeso.

3. Kampani siiloledwa kutaya madzi oipa, utsi kapena zinyalala za ciphe popanda cilolezo ca ZEMA, ndipo cilolezoco cimaika malire.

4. ZEMA iri ndi mphamvu yolamula woipitsa kuti acotse zimene wataya ndi kubwezeretsa malo mwakale. Akakana, nchitoyo ikhoza kugwiridwa ndi ena, iye nkutumiziridwa mtengo wace.

5. Nchito yaikulu monga mgodi kapena fakitale isanayambe, eni ace ayenera kufufuza mmene idzakhudzira anthu ndi malo, ndiponso kumva maganizo a anthu okhala pafupi.

Tisiyanitse zinthu zitatu zimene anthu ambiri amazisokoneza. Faindi ndi cilango, ndipo imapita ku boma. Cipepeso cimapita kwa munthu amene wadwala kapena wataya mbeu ndi ziweto. Ndalama zoyeretsera ndi za nchito yocotsa dothi loipa, kukwirira milu ya zotsalira ndi kukonza mtsinje. Kampani ikalipira faindi, sindiye kuti zina ziwirizo zatha. Ndiponso thumba la ufa kapena ndalama zocepa zoperekedwa mwamsanga sizicotsa ciphe m'citsime.

CIFUKWA CIANI KULIPIRITSA KUMABVUTA?

Coyamba, matenda a ciphe amaonekera mocedwa. Pamene anthu azindikira, kampani imakhala itatseka, itagulitsidwa kapena itasintha dzina. Eni atsopano amati anapeza malo ali oipa kale, ndipo eni akale amati anasiya zonse ziri bwino.

Caciwiri, khoti limafuna umboni woonetsa kuti ciphe cinacokeradi pa kampaniyo ndipo ndico cinadwalitsa munthu. Kupima madzi, dothi ndi magazi kumafuna ndalama.

Cacitatu, anthu amaopa kulankhula cifukwa abale ao amagwira nchito pa kampani yomweyo. Mantha amenewa ngomveka, pakuti nchito ndi yosowa. Koma kampani imene imadziwa kuti idzalipira ikaipitsa, imamanga damu lolimba ndi kusefa madzi ace isanawataye, popeza kutero nkochipa kuposa mlandu. Ikadziwa kuti boma ndilo lidzakonza, siiona cifukwa cotayira ndalama pa zimenezo.

Pofuna kupewa zonga za ku Kabwe, mu 1998 boma linaika malamulo a thumba la Environmental Protection Fund. Makampani a migodi ayenera kuikamo ndalama ndi cikole akali kugwira nchito, kuti akadzacoka pakhale poyambira kukonza malo. Ku America, lamulo lodziwika ndi dzina lakuti Superfund, la mu 1980, limalola boma kulondola eni malo akale ndi atsopano omwe, ndi kuwalipiritsa ngakhale pa zimene zinataidwa lamulolo lisanapangidwe.

NANGA KUNO KU CHIPATA?

Owerenga ena anganene kuti kuno kulibe mgodi waukulu, tsono za ku Kabwe zitikhudza bwanji? Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda waukulu mu 2017 ndipo ikukulirakulira. Tiri ndi mafakitale ocotsa njere ku thonje, nyumba zosungiramo fodya ndi mankhwala a mbeu, zigayo, malo oyengera mafuta ophikira, magalaji, malo ogulitsira petulo ndi dizilo, ndiponso malo ophwanyira miyala. M'maboma ena a cigawo cino, monga Vubwi ndi Petauke, anthu amakumba golide, ndipo pa nchito yotere ena amagwiritsa nchito mekyule, ciphe cina cimene cimaononga ubongo ndi mitsempha.

Mzinda wathu uli m'cigwa pakati pa mapiri. Mvula ikagwa, zonse zotaidwa pansi zimakokoloka kupita m'ngalande ndi m'mitsinje monga Lunkhwakwa, kumene anthu amacapa zobvala ndi kuthirira madimba. Madzi a m'mipopi amacokera ku madamu a pa Lutembwe, ndipo mabanja ambiri m'makomboni monga Mchini, Nabvutika ndi Magazine amadaliranso zitsime zosazama. Oilo wakutha wa galimoto, asidi wa m'mabatire kapena mankhwala a thonje zikataidwa pafupi ndi citsime cotere, zimafika mu mphika wa nsima.

Mtobvu nao uli pafupi nafe. Mabatire a galimoto ndi a sola acuruka m'nyumba zathu. Munthu akamaphwanya mabatire akutha ndi kusungunula mtobvu kuseri kwa nyumba, amapanga Kabwe wamng'ono pakati pa komboni. Lamulo lakuti woipitsa alipire silisankha kukula kwa bizinesi. Limakhudza fakitale yaikulu ndi galaji ya pansi pa mtengo yomwe.

ZOYENERA KUCITA MUKAONA KUIPITSA

Mukaona madzi a mu mtsinje asintha mtundu, nsomba kapena acule akufa, fungo la mankhwala, utsi kapena fumbi lacilendo, citani izi:

1. Lekani kumwa, kuphikira kapena kusamba madziwo, ndipo letsani ana ndi ziweto kupitako. Musadye nsomba zofa zokha.

2. Lembani tsiku, nthawi ndi malo. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani, koma musalowe mu mpanda wa kampani.

3. Dziwitsani woyang'anira za ukhondo pa kiliniki yanu, a khansala a dera lanu, a za umoyo ku Chipata City Council, ndi a ZEMA. Ndi bwino kulemba kalata ndi kusunga kope lodindidwa cidindo ca ofesi imene yalandira.

4. Wina akadwala, pitani naye ku kiliniki kapena ku Chipata Central Hospital tsiku lomwelo. Fotokozerani anamwino zimene mukuganizira, ndipo pemphani kuti zilembedwe pa khadi. Sungani makhadi ndi malisiti onse.

5. Yendani pamodzi ngati gulu. Dandaulo la mabanja 50 limamveka msanga kuposa la munthu mmodzi.

6. Musasaine kapena kudinda cala pa pepala la cipepeso musanalimvetse. Mapepala ena amanena kuti wolandira ndalama sadzadandaulanso, ngakhale matenda ataoneka pambuyo pace. Funsani uphungu ku Legal Aid Board kapena kwa loya.

7. Mukamva kuti kuli msonkhano wofunsa maganizo a anthu pa za fakitale kapena mgodi watsopano, pitaniko. Funsani kuti madzi oipa adzapita kuti, zinyalala zidzasungidwa bwanji, ndipo nchito ikadzatha adzakonza malowo ndani ndi ndalama ziti.

KUTETEZA ANA PA NYUMBA

Milandu imatenga zaka, koma mwana amasewera pa dothi tsiku ndi tsiku. Sambitsani ana m'manja ndi sopo asanadye ndiponso akacoka kosewera. Wazani madzi musanasese, ndipo kolopani m'nyumba ndi nsanza yonyowa kuti fumbi lisauluke. Musalole ana kusewera pafupi ndi pokonzera mabatire kapena potayira oilo. Abambo ogwira nchito ya mabatire, ya utoto kapena yopopera mankhwala asinthe zobvala ndi kusamba asananyamule mwana, ndipo zobvalazo zicapidwe pazokha. Cigubu cimene munali mankhwala a mbeu cisakhale cotungira madzi, cosungira mcere kapena mafuta ophikira, ngakhale mutacitsuka kangati. Amai odwala pakati apewe kudya dothi.

Mwana wanjala kapena wocepa magazi amatenga mtobvu wambiri. Mpatseni kapenta, nyemba, nshawa, mazira, mkaka ndi ndiwo zamasamba, pamodzi ndi zipatso monga malalanje, mango ndi magwafa. Dziwaninso kuti kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumapha tizirombo ta kolera ndi ta matenda ena otsegula m'mimba, koma sikucotsa mtobvu, mekyule kapena mankhwala a mbeu. Madzi oganiziridwa kuti muli zotere ayenera kupimidwa asanamwedwenso.

Makolo, mukaona mwana akucedwa kulankhula, akucepa magazi kawirikawiri kapena akukomoka popanda malungo, ndipo mukhala pafupi ndi malo a nchito zimene tachulazi, uzani anamwino pa tsiku la sikelo. Kampani imene yapeza phindu pa malo iri ndi udindo wowasiya ali oyera, ndipo lamulo la dziko lathu likutero. Mbali yathu ndi kuona msanga, kulemba, kusunga mapepala ndi kukanena kwa oyenera, eni nchito akali pompano.